Kumugulitsa, kumusunga kapena kumulipira? Njira zomwe masapota a baseball amakanganirana

Pa 29 Julayi 2015, pa bwalo la Citi Field mumzinda wa New York, mnyamata wa ku Venezuela dzina lake Wilmer Flores ankasewera akupukuta misozi. Masapota anali ataona kale pa mafoni awo kuti timu yake ya Mets yamupereka ku Milwaukee Brewers posinthana ndi Carlos Gómez, ndipo anamuombera m'manja momutsanzika masewero ali mkati. Mets inamutenga ali ndi zaka 16, sankadziwa timu ina. Usiku womwewo msinthowo unalephereka, Flores anakhalabe, ndipo patangopita masiku awiri anamenya mpira wotuluka kunja kwa mpanda, umene amautcha home run, n'kupambanitsa Mets pa masewero ake ndi Washington Nationals.

Kwa ife ozolowera mpira wamiyendo, choyamba kuchimvetsa n'chakuti mu ligi yaikulu ya ku America, ya Major League Baseball, wosewera kawirikawiri sagulidwa ndi ndalama monga zimakhalira ku Premier League. Matimu amasinthana anthu: tipatseni katswiri wanuyo, ife tikupatsani anyamata anayi amene akukulira m'matimu athu ang'onoang'ono. Kontirakiti imatsatira munthuyo, ndipo mwini wake safunsidwa, pokhapokha ngati analembetsa kuti asamasinthidwe popanda chilolezo chake, kapena wasewera zaka 10 mu ligiyi ndipo zisanu zomalizazo ali pa timu imodzi. Gift Ngoepe wa ku South Africa, munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu ligiyi, anakhala zaka zambiri m'matimu ang'onoang'ono a Pittsburgh Pirates asanapatsidwe mwayi mu Epulo 2017. Pofika Novembala chaka chomwecho anali atatumizidwa kale ku Toronto Blue Jays.

Chachiwiri ndi nkhani ya zaka 6. Timu imalamulira wosewera kwa zaka 6 zake zoyambirira mu ligi yaikulu. Zitatu zoyamba amalandira malipiro apansi, zitatu zotsatira malipiro amakwera ndipo akalephera kugwirizana amakaweruzidwa ndi akuluakulu apadera, zikatha zimenezo munthuyo ndi mfulu, apita kumene akulipira bwino. Palibe malire a ndalama zomwe timu ingalipire osewera ake. Pali msonkho chabe kwa opitirira muyezo, womwe mu 2025 unali pa $241 miliyoni. Msika wosinthana osewera umatsekedwa kumapeto kwa Julayi kapena masiku oyamba a Ogasiti. Ndiye mkangano wa masapota, kaya ku Boston, ku Anaheim kapena ku Milwaukee, umabwerera pa funso limodzi: katswiri wathu watsala ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, tichite naye chiyani?

Kumugulitsa nthawi idakalipo

Ochirikiza njira iyi amati ndi bwino kupezapo kanthu kusiyana n'kumuona akuchoka chimanjamanja. Zili ngati kupereka ng'ombe yomwe ikukamidwa lero n'kulandira ana a ng'ombe asanu, usakudziwa kuti ndi angati adzakule. Zitsanzo ziwiri zimaonetsa kuti njira yomweyo ingathe kubala zosiyana kwambiri.

Mu Febuluwale 2020 Boston Red Sox inapereka Mookie Betts ku Los Angeles Dodgers. Betts anali wosewera wopambana onse mu American League, imodzi mwa mbali ziwiri za ligiyi (inayo ndi National League), mu 2018, chaka chomwe Boston inatenga chikho cha World Series, ndipo anali ndi zaka 27 zokha. Anatsala ndi sizoni imodzi. Boston inamangirira pa msinthowo woponya mpira David Price, yemwe malipiro ake anali olemetsa, ndipo zimenezi zinatsitsa mtengo wa Betts. Inalandira Alex Verdugo, Jeter Downs ndi Connor Wong. Downs anachotsedwa pa timu mu Disembala 2022, Verdugo anatumizidwa ku New York Yankees patatha chaka. Betts anasaina zaka 12 pa $365 miliyoni mu Julayi 2020, ndipo watenga zikho ndi Dodgers mu 2020, 2024 ndi 2025. Boston inathera kumchira kwa gulu lake mu 2020, 2022 ndi 2023, ngakhale kuti mu 2021 inafika patali ndithu.

Chomwe chimawawa masapota a Boston si kusankha molakwika anyamata ayi. Ndi chakuti timu yawo si yosauka. Mwini wake John Henry ndi kampani yake ya Fenway Sports Group ndi omwewo eni ake a Liverpool kuyambira 2010. Timu yotere ikati sitingakwanitse, tanthauzo lake n'lakuti sitikufuna, ndipo masapota amene ananena zimenezi mu 2020 sanali kungotengeka ndi chikondi. Mzindawu uli ndi chilonda chakale pa nkhani imeneyi: mwini timu Harry Frazee anagulitsa Babe Ruth ku New York Yankees kumapeto kwa 1919 pa $100,000, ndipo Boston sinaonenso chikho kuchokera 1918 mpaka 2004.

Washington Nationals inachita mosiyana ndi Juan Soto. Inamulonjeza $440 miliyoni pa zaka 15, iye anakana, ndipo pa 2 Ogasiti 2022 inamupereka ku San Diego Padres akadali ndi zaka 23, atatsala ndi masizoni awiri ndi theka. Chifukwa choti wogulayo adzakhala naye nthawi yaitali, mtengo unakwera: CJ Abrams, MacKenzie Gore, James Wood, Robert Hassell III, Jarlin Susana ndi Luke Voit. Abrams anasankhidwa mu timu ya akatswiri a ligi mu 2024, Wood ndi Gore mu 2025. Pa misintho ya mtundu uwu, imeneyi ndi imodzi mwa yomwe wogulitsa anapindula nayo koposa. Komabe Nationals yakhala ikugonja masewero ambiri kuposa omwe yapambana chaka chilichonse kuyambira 2020 mpaka 2025, ndipo mu Julayi 2025 inachotsa ntchito Mike Rizzo, bwana yemwe anapanga msinthowo, pamodzi ndi mphunzitsi Dave Martinez. Anyamata atatu abwino sakwanira kukhala timu ngati mwini timu sakuwonjezerapo ena a ndalama.

Kumulipira

Apa pali njira ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Kulipira munthu wa zaka 21 ndi kulipira munthu wa zaka 31 n'zosiyana kutalitali.

Atlanta Braves ndiyo inazolowera yoyambayo. Mu Epulo 2019 inasainitsa Ronald Acuña Jr. zaka 8 pa $100 miliyoni, atangosewera sizoni imodzi, ndipo mwezi womwewo Ozzie Albies anasaina zaka 7 pa $35 miliyoni yokha. Ambiri anati anyamatawa abedwa masanasana, ndipo pa Albies n'zovuta kutsutsa. Mu 2023 Acuña anamenya ma home run 41 n'kukhala wosewera wopambana onse mu National League, akulandira ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi anzake a msinkhu umenewo. Koma taganizirani mbali ya mnyamatayo. Anaduka mtsempha wa bondo mu 2021, wa bondo linalo mu 2024. Akanadikira kuti adzakhale mfulu, ndani akudziwa kuti msika ukanamuona bwanji? Timu imagula motchipa, wosewera amagula mtendere wa mumtima. Ikalephera njira iyi, timu imataya zochepa, monga Philadelphia Phillies inataya $24 miliyoni pa Scott Kingery, yemwe inamusainitsa mu 2018 asanasewereko n'kamodzi komwe mu ligi yaikulu.

Yachiwiriyo ndiyo yadzaza manda a makontirakiti. St. Louis Cardinals inamuleka Albert Pujols atangoipezera chikho cha 2011, masapota analira, Los Angeles Angels ya ku Anaheim inamupatsa $240 miliyoni pa zaka 10 ali ndi zaka 31. Pa nthawi yonseyo Angels inalowa ndime ya chipulula kamodzi, mu 2014, n'kutuluka osapambana masewero ngakhale amodzi, ndipo inamumasula mu Meyi 2021 kontirakiti isanathe. Cardinals inafikanso mu World Series mu 2013 popanda iye. Nationals inachita zomwe mtima wa sapota aliyense ukanafuna: Stephen Strasburg ataitengera chikho cha 2019, inamupatsa $245 miliyoni pa zaka 7. Thupi linakana, ndipo anangoponya pa masewero 8 pa kontirakiti yonseyo.

Tisathamangire kunena kuti kugula akuluakulu n'kupusa. Texas Rangers inagonja masewero 102 mu 2021, kenako inatulutsa $325 miliyoni pa Corey Seager ndi $175 miliyoni pa Marcus Semien. Mu 2023 inatenga chikho chake choyamba m'mbiri yake. Seager anali ndi zaka 27 posaina, ndipo zaka zinayi zomwe zimamusiyanitsa ndi Pujols ndi zochuluka kwambiri pa thupi la wosewera. Chaka chomwecho cha 2023 New York Mets inali ndi malipiro okwera kuposa timu iliyonse, koma msika uli pafupi kutsekedwa inali ikugulitsa Max Scherzer ndi Justin Verlander, akuluakulu a zaka 39 ndi 40, ndipo inatsiriza ndi 75 zopambana, 87 zogonja.

Kubwereka katswiri kwa miyezi itatu

Iyi ndi mbali ya wogula. Timu yomwe ikununkhiza chikho imapereka anyamata ake kuti ipeze munthu yemwe kontirakiti yake ikutha mu Okutobala.

Chicago Cubs inali isanatenge chikho kuyambira 1908. Mu Julayi 2016 inapereka Gleyber Torres, mnyamata wa zaka 19 yemwe aliyense ankadziwa kuti adzakhala katswiri, pamodzi ndi ena atatu, ku Yankees kuti ipeze Aroldis Chapman, woponya wa liwiro loopsa wotsekera masewero. Pa masewero achisanu ndi chiwiri a World Series, omwe ndi omaliza, mumzinda wa Cleveland, Chapman analowa atatopa kale chifukwa chogwiritsidwa ntchito mopitirira pa masewero awiri apambuyo. M'chigawo cha 8 mwa zigawo 9 za masewero, Rajai Davis wa Cleveland anamumenyera home run, zigoli n'kufanana 6-6. Kenako kunagwa mvula, masewero anaima kwa mphindi 17, ndipo atayambiranso Cubs inapambana 8-7 m'chigawo chowonjezera cha 10. Mu Disembala Chapman anabwerera ku Yankees pa $86 miliyoni, kutanthauza kuti Yankees inatsala ndi onse awiri, iye ndi Torres. Mukawerengera pa pepala, Yankees inadya bwino. Kafunseni munthu wa ku Chicago amene agogo ake anamwalira akudikira chikhocho ngati akudandaula. Koma mvula ija ikanapanda kugwa, kapena mpira umodzi ukanadumpha mwina, msintho womwewo bwenzi lero ukutchulidwa pa mndandanda wa zopusa.

Mndandandawo ulipo. Detroit Tigers inapereka John Smoltz mu Ogasiti 1987 kuti ipeze Doyle Alexander, yemwe anapambana masewero 9 osagonjako n'kuithandiza kutsogola gulu lake. Chikho sichinabwere, ndipo Smoltz anakasewera zaka pafupifupi 20 ku Atlanta mpaka kulowa m'nyumba ya ulemu ya baseball mu 2015. Boston inapereka Jeff Bagwell mu 1990 posinthana ndi Larry Andersen, yemwe anangokhala mwezi umodzi ndi masiku ochepa. Bagwell anamenya ma home run 449 ku Houston. Mayina awiriwa amatchulidwa chaka chilichonse mu Julayi ndi masapota oopa, koma samatchula anyamata mazanamazana amene anaperekedwa chimodzimodzi n'kuzimirira osamvekanso. Amenewo ndiwo ambiri.

Angels mu 2023

Apa ndipo ndimafuna tikhalitse, chifukwa ndi pomwe masapota anagawanika pakati penipeni. Shohei Ohtani, wa ku Japan, woponya komanso womenya mpira nthawi imodzi, anali m'chaka chake chomaliza ndi Angels. Timuyi inali isanalowe chipulula kuyambira 2014, ngakhale inali ndi iye ndi Mike Trout. Mu 2022, pomwe Ohtani akanagulitsidwa pa mtengo wonga wa Soto, mwini timu Arte Moreno sanamugulitse. Sanamusainitsenso kontirakiti yaitali. Kumapeto kwa Julayi 2023 timuyi inali pafupi pang'ono ndi malo a chipulula, ndipo inaganiza zogula. Pa 26 Julayi inapereka anyamata ake awiri odalirika, Edgar Quero ndi Ky Bush, ku Chicago White Sox kuti ipeze Lucas Giolito ndi Reynaldo López. Tsiku lotsatira, ku Detroit, Ohtani anaponya masewero onse yekha osalola chigoli, adani n'kungomenya bwino mpira umodzi wokha. Pa masewero achiwiri a tsiku lomwelo anamenya ma home run awiri. Amene ankati msamugulitse anaoneka anzeru kwa masiku anayi.

Msika utangotsekedwa Angels inagonja masewero 7 motsatizana. Pa 23 Ogasiti kunapezeka kuti mtsempha wa m'chigongono cha Ohtani wang'ambika. Mwezi usanathe timuyi inaika poyera Giolito, López ndi ena kuti aliyense wofuna awatenge ulere, bola alipire malipiro otsalawo, n'cholinga choti itsike pansi pa muyezo wa msonkho. Inamaliza ndi 73 zopambana, 89 zogonja. Mu Disembala Ohtani anasamukira ku Dodgers, mtunda wa ola limodzi pa galimoto, pa $700 miliyoni ya zaka 10, yomwe $680 miliyoni yake adzayamba kulandira mu 2034. Angels inangotsala ndi mwayi umodzi wowonjezera pa chisankho cha chaka ndi chaka chomwe matimu amatengera achinyamata atsopano.

Ine sindiwadzudzula chifukwa choyesa mu Julayi 2023. Munthu wonga Ohtani sabadwa kawiri, ndipo sapota amene analipira tiketi kwa zaka zisanu ndi chimodzi anali ndi ufulu woona timu yake ikuyesa. Cholakwa chinachitika chaka chapambuyo pake, pomwe anafuna zonse: kukhala naye, osamulipira, osamanga timu yokwanira, osapitirira msonkho. Mapanga awiri avumbwitsa.

Kuphwasula timu yonse

Njira iyi imakondedwa ndi owerengera manambala. Gulitsa aliyense wa dzina, gonja kwa zaka zingapo, sankha achinyamata abwino koposa chifukwa matimu apansi ndiwo amayamba kusankha. Houston Astros inagonja masewero 106 mu 2011, 107 mu 2012 ndi 111 mu 2013, pa masewero 162 a sizoni. Inapezamo Carlos Correa ndi Alex Bregman, n'kutenga chikho mu 2017, ngakhale kuti chikho chimenecho chinadetsedwa zitadziwika kuti ankaba zizindikiro za adani pogwiritsa ntchito kamera, komanso china mu 2022. Baltimore Orioles inagonja 115 mu 2018 ndi 110 mu 2021, kenako inapambana 101 mu 2023.

Koma onani mtengo wake. Ngakhale Astros yomweyo inalakwitsa kawiri motsatizana pa mwayi woyamba: Mark Appel wa 2013 sanaisewerereko mu ligi yaikulu, Brady Aiken wa 2014 sanasaine n'komwe. White Sox inaphwasula timu kuyambira kumapeto kwa 2016, inalowa chipulula kawiri osapita patali, ndipo mu 2024 inagonja masewero 121, chiwerengero choipitsitsa m'nyengo yamakono. Kuyambira 2022 malo 6 oyamba osankhira achinyamata amachitira mayere, ndiye kugonja dala sikukutsimikiziranso kanthu. Ndipo pali funso lomwe mwini timu safuna kufunsidwa: pa zaka zonse zomwe malipiro ali pansi, ndalama za pa wailesi yakanema zikulowabe, zikupita kuti? Njira imeneyi ndiyo yokhayo yomwe mwini timu amapindula nayo kaya yatheka kaya yalephera, ndipo n'chifukwa chake ndimaikayikira kuposa zonse.

Mtima womwewo umaonekera pa nkhani yosunga achinyamata pansi. Mu 2015 Cubs inamusiya Kris Bryant ku timu yaing'ono mpaka pa 17 Epulo, kuti akonze zina ndi zina pa kaseweredwe kake. Anamaliza sizoni ndi masiku 171, pomwe chaka chathunthu chimawerengedwa pa 172. Tsiku limodzi limenelo linapatsa timu chaka china chonse chomulamulira. Anadandaula, mlandu unamukanika mu 2020.

Kugula ang'onoang'ono angapo

Njira yomwe imakambidwa pang'ono ndiyo imene ine ndikanasankha pa timu yomwe ili pakati, yosaoneka bwino yosaoneka moipa. Kuyambira 2022 matimu 12 mwa 30 amalowa chipulula, ndipo kumeneko zinthu zimayenda mwa mwayi kwambiri. Dodgers inapambana masewero 111 mu 2022 n'kutulutsidwa ndi Padres pa ndime yake yoyamba. Arizona Diamondbacks inapambana 84 okha mu 2023 n'kufika mu World Series. Ngati khomo ndi lotere, kutaya sizoni mu Julayi kapena kupereka anyamata onse pa munthu mmodzi, zonsezi n'zopitirira.

Braves ya 2021 inali ikugonja kuposa kupambana pomwe Acuña anavulala pa 10 Julayi. Bwana wake Alex Anthopoulos sanagulitse, sanathamangirenso dzina lalikulu. Anatola anthu anayi amene matimu awo sankawadandaula: Joc Pederson, Adam Duvall, Jorge Soler yemwe ankalephera kumenya ku Kansas City, ndi Eddie Rosario yemwe anali wovulala ku Cleveland ndipo anasinthidwa ndi Pablo Sandoval, amene Cleveland inamumasula tsiku lomwelo. Palibe mnyamata wodalirika amene anaperekedwa. Timuyi inamaliza ndi 88 zopambana zokha, Rosario n'kukhala wosewera wopambana pa ndime yomwe inatulutsa Dodgers, Soler wopambana pa World Series yomwe anagonjetsa Astros masewero 4 kwa 2. Mwayi unalipo, palibe angakane, koma zikanalephera Braves ikanataya chiyani?

Zosiyana ndi zimenezi n'kugulitsa timu ili patsogolo. Milwaukee inapereka Josh Hader ku Padres pa 1 Ogasiti 2022 ikutsogola gulu lake, osewera anzake anakhumudwa poyera, ndipo timuyi inaphonya chipulula ndi masewero amodzi. Oteteza msinthowo amakumbutsa kuti mmodzi mwa omwe analandira, Esteury Ruiz, anamusinthanso mu Disembala n'kupeza William Contreras, yemwe wakhala msana wa timuyi. Onse awiri akunena zoona, akungowerengera zaka zosiyana.

Braves yomweyo, itangotenga chikho, inagwa m'funso lomwe tinayamba nalo. Freddie Freeman, yemwe anakhala pa timuyi kuyambira 2010, anali mfulu ali ndi zaka 32. M'malo momudikira, mu Malichi 2022 inapereka anyamata anayi ku Oakland kuti ipeze Matt Olson, wa zaka 27, n'kumusainitsa zaka 8 pa $168 miliyoni. Freeman anapita ku Dodgers pa $162 miliyoni ya zaka 6. Olson anamenya ma home run 54 mu 2023, kuposa aliyense m'mbiri ya Braves pa sizoni imodzi. Freeman anamenya home run yomwe inatseka masewero oyamba a World Series ya 2024 n'kusankhidwa wosewera wopambana pa fainoloyo, pomwe Braves sinapitirire ndime yake yoyamba ya chipulula mu 2022, 2023 ndi 2024.